Mikombero ya Njinga ya Amalume

Mkombero umodzi ukadalipo, wadzimbiri, pakhoma kwathu ku Dambe. Unali wa njinga ya amalume.

Chilimwe china, ndili pasukulu, aphunzitsi anabweretsa pepala la m'magazini. Panali chithunzi cha zipangizo zakale za ku China zoyezera dzuwa ndi nyenyezi, mikombero ikuluikulu yamkuwa yolowanalowana, itasenzedwa ndi zinjoka zamiyendo. Anati anthu akumeneko ankayeza mthunzi wa masana kuti adziwe nyengo. Anatinso kwathu kuno, mvula ikamayandikira, limafika tsiku limene mtengo woongoka umasowa mthunzi dzuwa lili paliwombo.

Ndinabwereka pepalalo kukaonetsa amalume. Analiyandikiza kumaso mpaka kukhudza mphuno, n'kundiuza kuti ndifotokoze zonse. M'mawa mwake anaphwasula njinga yawo, ija inkanyamula kachewere kupita naye ku boma.

Amayi anapsa mtima zedi. "Achimwene, mwapenga kodi? Tidya dzuwa?" Anthu opita kudimba ankaima n'kumaseka, ena n'kuyamba kuwaitana kuti a Tchaina. Zinkandiwawa. Ndinkaopa kuti mthunzi ukapanda kuchoka, chipongwe chimenecho adzafa nacho.

Amalume anangopitiriza ntchito yawo. Anamanga mikombero ija ndi waya ngati ya papepala, n'kuikhazika pachitsa. Pambali pake anazika nsungwi, n'kuiwongola ndi mwala wolendewera pachingwe, ine ndikuwauza kumene yapendekera. Sichinali chokongola, ndisaname. Masana alionse ndinkagwada padothi lotentha ngati chiwaya, nyenje zikulira, n'kuika kamwala pothera mthunzi. Timiyalato tinkasendera kunsungwi pang'onopang'ono.

Timiyalato titatsala pang'ono kuikhudza nsungwiyo, aphunzitsi anabwera ndi kalasi yonse. Oseka aja anabweranso. Kunali mitambo. Kenaka dzuwa linatuluka, ndipo nsungwi inaima yokhayokha, yopanda mthunzi. Amene anayamba kuimba nthungululu ndi amayi omwewo.

Amalume anandigwira paphewa n'kundifunsa chapansipansi, "Mthunzi wapita eti?"

"Wapita, amalume."

Ndimawanyadira mpaka lero, ndipo aliyense wofunsa za mkomberowo amatopa nane. Koma tsiku limenelo ndinkaganiza kuti akungondiyesa ngati ndikuona bwino. Sindinkadziwa kuti ng'ala inali itawatseka kale m'maso, ndi kuti njinga ija anaiphwasula chifukwa msewu sankauonanso.