Injiniya wa pa depoti wafufuta maliro a aNambewe

Pa boma pa Salima, pafupi ndi depoti ya minibasi, pali munthu amene analemba pakhomo pa kashopu kake kuti ndi injiniya wa makompyuta. Munthu ameneyo wandifufutira maliro. Inde, mwawerenga bwino. Maliro athunthu, kuyambira kusiwa mpaka kumanda, wawafufuta ndi chala chimodzi, kenako n'kumadikira kuti ndimuthokoze.

Dzina la shopuyo sinditchula, za maloya sindingazikwanitse. Koma iye akudzidziwa, ndipo ndikudziwa kuti awerenga.

Amene simundidziwa, ine ndine mayi wa kamera wa kwa Khombedza. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe, nthawi zina maliro. Katundu wanga ndi kamera imodzi, memori kadi imodzi yaikulu, ndi laputopu imene ndimadulira n'kulumikizira makanema. Ana anga amadya zimenezo.

Mwezi wathawu kunamwalira aNambewe, mayi wa m'mudzi wina wa kunyanja amene ankapikula usipa kwa asodzi ochokera ku Mbenji n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Mwana wawo yekhayo, Fanuwelo, ali ku Joni. Mapepala ake sali bwino, ndipo nonse mukudziwa mmene zimakhalira, ukatuluka sulowanso. Anandiimbira akulira. Anati, "Anti, ine sindibwera. Mundijambulire zonse. Makamaka nkhope ya amayi, ndiione komaliza."

Tsono mvetserani apa, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Amalume ake a Fanuwelo, eni mbumba pa malirowo, analetsa mafoni. Anaima pakhomo la siwa n'kunena kuti sakufuna nkhope ya mlongo wawo iziyenda m'mafoni a anthu ngati chithunzi cha ngozi ya pamsewu. Aliyense wolowa kukaona nkhope ankayamba waika foni m'thumba, achibale akuyang'anitsitsa. Kamera imodzi yokha ndi imene inaloledwa, yanga. Amalumewo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, izi n'za mwanayo basi. Wina asaone." Ndinalonjeza. Ndiye padziko lonse lino nkhope ya aNambewe ali m'bokosi inali malo awiri okha: pa kadi yanga, ndi mu laputopu mmene ndinakopera nditafika kunyumba.

Laputopuyo inali itayamba kudwala. Inkatentha kunsi moti ukaiika pamiyendo umachita kudzambatuka. Fani yake yoziziritsa m'kati inkalira ngati chigayo, kenako n'kungoti zii, sikirini n'kuda bii. Fumbi la kuno mukulidziwa, ndipo ine ndimayenda nayo pa kabaza ndi pa njinga yamoto. Ndikayamba kulumikiza kanema wa malirowo, inkathima ndisanafike n'kumanda komwe. Uku Fanuwelo akungotumiza uthenga, "Anti, zili pati?"

Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi kupita pa boma. Injiniyayo ndinamupeza pa mpando wozungulira, miyendo ili patebulo, akudya chipisi cha m'jumbo. Magalasi akuda, m'nyumba. M'mashelefu munali mitembo ya makompyuta a anthu, ena opanda mabatani, ena otumbulidwa. Ndinapereka moni. Anandiyankha ndi chibwano.

Ndinamufotokozera modekha. Ndinati, "Achimwene, makinawa akutentha n'kumathima okha. Fani ikulira. Mundionere chimene chavuta m'katimo. Koma chonde, mafayilo ali mmenemo musawakhudze, muli ntchito ya maliro a eni ake." Ndinabwerezanso. Ndinachita kuloza foda ya malirowo pa sikirini ndi chala changa ichi.

Mukudziwa anayankha chiyani?

"Masiteni, za makompyuta tisiyireni ife."

Ndiye anayamba kundiphunzitsa, milomo ili nyezinyezi ndi mafuta. Akuti kompyuta ili ndi mbali ziwiri, hadiweya ndi sofutiweya. Akuti hadiweya ndi zogwirika: sikirini, kibodi, batire, ramu, hadi disiki mmene mumagona mafayilo, ndi purosesa imene ndi ubongo wake. Akuti sofutiweya ndi zosagwirika, mapulogalamu amene amauza zitsulozo chochita. Akuti iyeyo mbali zonse ziwiri anazimwa ngati madzi, ndipo pa Salima pano palibe wina womuposa. Ndinati zikomo aphunzitsi, nanga kutenthaku kuli mbali iti? Anangoseka n'kundiuza kuti ndibwere Lachitatu.

Memori kadi ija inali m'kabowo kake m'mbali mwa laputopu, mmene imakhala ndikamagwira ntchito. Ndinati ndiitenge. Iye akuti ayi isiyeni, akufuna ayesere ngati kabowoko kakuwerenga bwino. Anaitulutsa, n'kuitembenuza, n'kuimba likhweru. Akuti yaikulu chonchi pa boma pano siipezeka.

Lachitatu ndinapeza loko. Wogulitsa machaja pafupipo anati injiniya apita ku Senga, kuli phwando, akukawaikira anthu nyimbo. Eti injiniya wathu ndi dijeyinso! Ndinaimba foni, osayankha. Ndinaimbanso, yathima. Ndinabwerera kwa Khombedza ndi fumbi lokhalokha m'mutu, ndipo madzulo ake Fanuwelo ndinamuuza kuti apirire pang'ono, makina ali kwa okonza.

Lachisanu ndiye anandilandira mano onse ali pamtunda.

"Masiteni, mwabwera bwino! Makina anu tsopano ali ngati angotuluka m'katoni."

Anayatsa. Pa sikirini panabwera chithunzi cha mapiri achilendo. Chithunzi cha ana anga chimene chinkakhala pamenepo, palibe. Mafoda anga, palibe. Pulogalamu yanga yolumikizira makanema, palibe. M'malo mwake munali masewera othamangitsa galimoto ndi chifoda cha nyimbo zovina chimene sindinapemphe.

Ndinafunsa chapansipansi, "Foda ya maliro ili kuti?"

"Ndafomata."

"Mwatani?"

"Ndafomata hadi disiki yonse, ndaika sisitimu yatsopano. Kompyuta ikamathima yokha, masiteni, imeneyo ndi vairasi. Mankhwala ake ndi omwewa."

Amene simudziwa, kufomata ndi kupukuta disiki yonse, osasiyamo kanthu. Ndipo ndamva tsopano kuti mkuluyu ndi mmene amagwirira ntchito. Foni ikavuta chaja, amafulasha, kupukuta zonse za m'kati. Laputopu ikasweka sikirini, mwina amafomatanso. Matenda alionse, jekeseni imodzi.

Apo ndinakumbukira kadi. Ndinati mumtima, Mulungu alipo. Ndinati, "Basi, ingondipatsani kadi ija." Sanaitulutse mu laputopu ayi. Anaitulutsa m'thumba la shati, n'kundipatsa monyadira.

"Nayonso ndakutsukirani. Imeneyo ndi bonasi."

Bonasi! Abale inu, bonasi! Ndinaiika mu kamera pomwepo. Kamera inalemba kuti mulibe kanthu.

Ndinamufunsa ngati makutu ake anali patchuthi tsiku la Lolemba lija. Akuti anamva, koma makasitomala onse amanena choncho, ndipo ukayang'ana umapeza ndi mafilimu chabe. Ndinamufunsa chifukwa chiyani sanayambe wakopera pena. Akuti disiki yake yosungira inadzaza. Nanga osandiimbira bwanji, nambala si ndinakusiyira? Akuti analibe mayunitsi. Injiniya wamkulu wa Salima yense, alibe mayunitsi a kungoflasha kuti ndimuimbire ndine!

Kenako anavula magalasi, n'kundiyang'ana ngati ine ndi amene ndikuvuta. Anati, "Komanso masiteni, malirowo si anachitika kale? Munthuyo si anaikidwa?"

Sindimenya anthu. Ndinaleredwa bwino. Koma chikwama changa ndinachigwira mwamphamvu moti chingwe chake chinasiya mzere m'dzanja.

Tili mkati mokangana, laputopu ija ili patebulo inayamba kulira. Kulira komwe kuja kwa chigayo. Tonse tinatembenuka. Inalira, inalira, kenako zii. Sikirini bii. Sisitimu yatsopanoyo, masewera a galimoto, nyimbo zake, zonse mumdima. Bambo wina amene ankadikira foni yake pa benchi anaseka mpaka kutsokomola, n'kunyamuka kukatenga foni yakeyo isanakhudzidwe.

Apo m'pamene injiniya anayamba kusakasaka sikuludiraiva. Anthu inu, masiku onsewo makinawo anali asanawatsegule n'komwe! Atatsegula kunsi, fani inali itatsekeka ndi fumbi, mchenga ndi ulusi, zitaumbana ngati chisa cha mbewa. Anatokosa ndi kamtengo ka machesi, anauzira ndi pakamwa, fumbi lonse n'kumubwerera kumaso. Atayatsa, fani inazungulira mwakachetechete. Makina anazizira. Ntchito yonse inali yomweyo.

Mukuganiza kuti anachita manyazi? Mwalemba m'madzi. Anagwedeza mutu ngati dokotala n'kunena kuti, "Ahaa, ndimakayikira. Apa tsopano ndi hadiweya." Akuti imeneyi ndi ntchito ina, ndipo ili ndi mtengo wake wapadera. Ndinanyamula laputopu yanga, zomangira zake ndinazikokolera m'chikwama, n'kutuluka. Anandilondola mpaka pakhomo akukuwa kuti azimayi sayamika.

Ndikudziwa ena muyamba kulemba m'munsimu kuti bwanji simunasunge pena. Ndinasunga pawiri, ndipo pawiri ponsepo papukutidwa ndi munthu mmodzi. Amalume aja anati wina asaone. Ndiye mumafuna ndizimwaze m'mafoni a anthu?

Enanso muti mafayilo ofufutidwa amabwezeka. Nanenso ndinamva choncho. Loweruka ndinali ku Lilongwe, kwa mayi wina amene ntchito yake ndi yobweza mafayilo otere. Anandiuza kuti disiki ikangofomatidwa n'kusiyidwa, nthawi zambiri zinthu zimapezeka. Koma ukathiramo zatsopano pamwamba, zakalezo zimaphwanyika. Injiniya wathu anathiramo sisitimu, masewera ndi chifoda chake chija, ndendende pamene panagona maliro. Nanga pa kadi? Mayiyo atafufuza anapezamo nyimbo zovina zokhazokha, zofufutidwa kumene. Ndiye kuti kadi yanga, imene munali nkhope ya aNambewe, inapukutidwa, inadzazidwa nyimbo, inapita ku Senga kukavinitsa anthu, n'kubwerako kudzapukutidwanso. Ndiyo bonasi ija imeneyo.

Chimene chinapulumuka ndi kachidutswa kamodzi kakafupi, pamene ndinkayesa kuwala ndisanalowe m'siwa. Mukuoneka mchenga ndi mapazi a anthu. Chapatali amayi a mpingo akuimba.

Ndiye iwe injiniya, pakuti ulemu wa "inu" unathera patebulo pako paja, ndiyankhe pano pagulu. Unaphunzira kuti zoti makina otentha amachira ndi kufomata? Unandiwerengera bwino ziwalo zonse za kompyuta, koma kutsegula kunsi kuti uone chimodzi chokha kunakukanika chiyani? Ndani anakupatsa chilolezo chotenga kadi ya kasitomala kupita nayo kuphwando? Ndi angati ena amene unawapukutira zithunzi za ana awo, ntchito za kusukulu, makanema a ukwati, n'kuwauza kuti inali vairasi?

Inu a kwa Khombedza, a pa boma, a kunyanja konse, mukamapita kokonzetsa makina, kadi ndi fulashi zosungiramo mafayilo zizitsala m'thumba mwanu. Mukamva mawu oti "kufomata" musanaone sikuludiraiva m'manja mwake, nyamulani katundu wanu muzipita. Chikwangwani aliyense atha kulembetsa, penti ndi yotchipa.

Dzulo masana ndinamuimbira Fanuwelo. Ndinazengereza mokwanira, panalibenso kothawira. Ndinamuuza zonse mmene ndakuuzirani inu. Ndinkayembekezera kuti andilalatira, ndipo bola akanatero. Sanandilalatire. Titadula foni, ndinamutumizira kachidutswa ka mapazi kaja. Anaonera, n'kuimbanso.

Anati, "Anti, ndiye mungondiuza pakamwa. Yambirani pamene bokosi linkatsegulidwa."

Ndinakhala pakhonde n'kuyamba. Ndinamuuza amene analowa koyamba, nsalu imene anawafunditsa, nyimbo imene inkaimbidwa, mmene amalume ake anagwirira chitseko kuti asagwe. Sanandidule mawu. Nditamaliza anafunsa chimene ndinkaopa.

"Nanga nkhope yawo inkaoneka bwanji?"

Ndinati ankaoneka ngati agona tulo.

"Aliyense akundiuza zomwezo, anti," anatero. "N'chifukwa chake ndinatuma inu."