Buleki Yogwira Kachiwiri

Kodi munayamba mwapempherapo kuti galimoto ya amuna anu isalire? Osati iphwanyike ayi, ingokana kulira basi, ikhale duu pakhomo ngati mwala? A Clementina a ku Crumlin apemphera pemphero limenelo miyezi, ndipo mpaka lero galimotoyo ikulira.

Enanu mukuwadziwa. Ndi mayi a Mwai, aafupi aja, amene kutchalitchi amakhala kumbuyo pafupi ndi hita chifukwa nthawi zambiri amakhala akuchokera kuntchito. Amasamalira nkhalamba zachizungu, kuzisambitsa, kuzitembenuza, kuzidyetsa ndi supuni. Kwawo ndi ku Chiradzulu. Anakwatiwa ali mtsikana ndi a Ambrosio, amene nthawi imeneyo ankayendetsa minibasi ya Limbe-Zomba. Kuno kunja anafika 2003. Zaka zitatu anakhala mu hositelo ya boma ya obwera kudikira mapepala okhalira m'dziko muno, chipinda chimodzi, ntchito osaloledwa, ngakhale kudziphikira osaloledwa. Mwai anabadwira momwemo.

Mapepala atatuluka zinthu zinayenda. A Ambrosio anapeza ntchito yoyendetsa lole pamalo omanga nyumba. Kenako inabwera risesheni ija, chuma cha dziko chinagwa. Mu 2009 anangowauza Lachisanu kuti Lolemba musabwere. Nyumba zinatsala zopanda madenga, ndipo bambo anatsala pampando, makatani otseka, TV ikuyaka yopanda mawu. Miyezi seveni. Munthu ankatha tikuona.

Ndiye mnzawo wa kuntchito, mzungu dzina lake Thom, ponyamuka kupita ku Australia anawasiyira kagalimoto. Ka Mazda ka 1991, kofiira kosuluka, kafupi ngati bafa, mkati anachotsamo zonse n'kuwotchereramo zitsulo zoteteza munthu kakagubuduzika. Thom ankathamangitsa kameneko ku kalabu ya anthu wamba, amene amakumana Lamulungu limodzi pamwezi pabwalo la mipikisano ku Kildare. Si anthu olemera ayi. Ndi mapulambala, aphunzitsi, madalaivala a basi, aliyense amakonza yekha galimoto yake pakhomo.

Kunena zoona, poyamba a Clementina anathokoza Mulungu. Makatani anatseguka. Bambo anayamba kudzuka m'mawa, kumeta ndevu, kudya. Tsiku lonse ali pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Analowa kalabu, anakhoza mayeso ake, anayamba kuthamanga.

Pali ntchito imodzi pagalimoto imene imafuna anthu awiri, kuchotsa mpweya m'mabuleki. Mpweya ukalowa m'timapaipi ta mafuta a buleki, ukaponda phazi limangomira ngati waponda siponji. Ndiye wina amakhala pampando kupopa, n'kugwira pansi osasuntha. Wina ali kutayala, amamasula kanati, mafuta amatuluka ndi thovu, n'kumanganso. Wapampandoyo akakweza phazi mnzake asanamange, mpweya umabwerera wochuluka kuposa poyamba. Wapampando anali a Clementina. Loweruka lililonse loti mawa lake kuli mpikisano, ngakhale atatopa chotani, ankavula nsapato n'kulowa m'kagalimotoko.

"Popani, mayi a Mwai!"

"Ndapopa."

"Gwirani pompo! Musasiye!"

"Ndikanakhala wosiya ndikanakusiyani ku hositelo kuja."

"Pakamwa ayi, phazi!"

Ankaseka mpaka aneba kusuzumira. Mwina chifikireni kuno, imeneyo ndi nthawi imene awiriwa ankacheza kwambiri.

Zinasintha mwezi wa May chaka chino, tsiku limene a Clementina anapita kukaonerera. Pabwalopo pali msewu wautali wowongoka, kumapeto kwake kona yakuthwa, kuseri kwa kona mulu wa matayala akale. Galimoto zonse zikafika pa chikwangwani china zimayamba kuchepetsa liwiro. Ya a Ambrosio inkadutsa chikwangwanicho ngati sichikuoneka. Ulendo uliwonse. Mkulu wina wa imvi dzina lake Harry, amene amayendera galimoto zonse m'mawa asanazilole kulowa, anaima pafupi nawo n'kuti, "Amuna anuwa amaponda buleki mochedwa kuposa wina aliyense pano." Pakamwa ankamwetulira, koma maso ayi.

Kunyumba mayi anawafunsa za chikwangwani chija. Bambo anayankha akusamba m'manja, osatembenuka.

"Pakona paja ndi pokhapo m'dziko muno pamene palibe wondiuza kuti ntchito palibe, tidzakuyimbirani foni."

Patapita masiku a Clementina anapeza pa kalendala ya kukhitchini palembedwa nambala ya achimwene a bambo a ku Zomba, zilembo zikuluzikulu.

"Nanga iyi?"

"Mwina mungadzaifune."

Mwina mungadzaifune! Mayi anzanga, mukudziwa nambala ya kumudzi imafunika tsiku lanji.

Nkhani anaibweretsa ku mapemphero a amayi. Ndipo ndisabise, amene tinawalangiza ndife. Tinati galimoto siingapite popanda buleki, buleki siingakonzeke popanda phazi lanu, ndiye chotsanipo phazi lanu. Tinaona ngati nzeru. A Clementina anagwada n'kulonjeza pamaso pa Mulungu kuti sadzapondanso.

Loweruka la mu August linafika. Bambo anali atasintha timapaipi ta kutsogolo, ndiye mpweya unali ponseponse. Cha m'ma two koloko anaitana.

"Mayi a Mwai, tiyeni."

A Clementina anaima pakhomo, manja m'thumba la juzi.

"Sindiponda."

"Mwendo ukupweteka?"

"Mwendo uli bwino. Ndalonjeza. Sindingathandize kukumba manda anu ndi phazi langa."

"Mwalonjeza kwa ndani, kwa Mulungu kapena kwa amayi a Lachinayi aja?"

"Musapite mawa, bambo a Mwai. Ndagwira mwendo wanu."

"Wanga musaugwire. Ndikufuna wanuwo five minitsi."

Mayi sanasunthe. Bambo anawadutsa, kulowa kukhitchini, n'kutuluka ndi mopu. Anachotsa mutu wake. Ndodoyo anaipanikiza pakati pa mpando ndi buleki kuti igwire m'malo mwa phazi, n'kuthamangira kutayala.

A Clementina ankaona zonse pawindo la pabalaza. Ndodo si munthu. Kanati kakamasulidwa buleki imamira, ndipo phazi la munthu limaitsatira mpaka pansi. Ndodo siitsatira. Imangogwa. Anaimva ikugwa, kho, pachitsulo. Bambo anadzuka, kuiikanso. Kho. Kachitatu, kho. Ulendo uliwonse mtima wa mayi unkadziwa chimene chalowa m'timapaipi muja, chifukwa ntchitoyo ankaidziwa ngati mwini wake. Phazi lawo linkachita kupopa lokha mu silipasi. Koma lonjezo ndi lonjezo.

Cha m'ma five bambo anabwezera matayala, n'kukhala pampando kuyesa. Mayi anayang'ana bondo la bambo. Linatsika mpaka pansi, linakwera, linatsikanso n'kuima pakati.

Bambo atalowa m'nyumba mayi anawafunsa, "Yagwira?"

"Ikugwira kachiwiri."

"Kachiwiri?"

"Ukapopa kamodzi, kachiwiri imagwira bwinobwino. Minibasi ija ndinaiyendetsa zaka six ndikupopa kawiri. Anthu eyitini, matumba a chimanga pamwamba, phiri lililonse ndinkatsika. Munamva kuti ndapha munthu?"

"Minibasi ija inkathamanga ngati kamene kali panjaka?"

Bambo anangopukuta manja pasanza, mayi n'kufunsanso.

"Nanga a Harry? Akakulolani?"

"Ndikapopa ndili pamzere. Akamafika ikakhala yolimba ngati mwala."

Apo ndi pamene a Clementina anazindikira chimene achita. Galimoto ipita ndithu. Kusiyana kwake, ipita ndi buleki imene iwo anakana kuikonza. Anati, "Chabwino, tiyeni ndiponde tsopano, Mulungu andikhululukira." Bambo anati, "Musaswe lonjezo chifukwa cha ine," n'kupita kukasamba.

Lamulungu six koloko m'mawa mnzawo wa kukalabu anabwera ndi ngolo yokoka pagalimoto, anakweza galimoto, anapita. A Clementina anamusiya Mwai kwa aneba, n'kuyimbira a Belinda, nesi wa ku Zambia wa pachipatala cha St James's, amene anali atangoweruka. Mu galimoto a Belinda anangoti, "Ba Clementina, mwaganiza bwino? Bamuna sibakonda kuchititsiwa nsoni pa banzao."

"Ndikudziwa."

"Bazakwiya maningi."

"Wokwiya amadya nsima. Yendetsani."

Kunja kunali kamvula kowaza. Atafika anapeza galimoto zili pamzere pafupi ndi shedi, a Harry akuyenda ndi pepala, kugwedeza matayala, kukoka malamba, kulowetsa mwendo kuponda buleki, n'kumata kapepala pagalasi. Ka Mazda kanali kachinayi pamzere. Bambo anali mkati, ndipo kuchokera patali a Clementina ankaona phewa likugwedera pang'onopang'ono. Ankapopa.

A Clementina anazungulira kuseri kwa shedi, n'kuwagwira a Harry pamkono. Chizungu chawo ndi cha kuntchito, chofunsa nkhalamba ngati yagona bwino, koma tsiku limenelo chinakwana.

"Yofiira ija, nambala 47. Musaiyese akangotuluka. Dikirani five minitsi, mukaponde kamodzi. Kamodzi kokha."

A Harry anawayang'ana, n'kuyang'ana chitenje chimene anamanga pamwamba pa jekete. "Ndinu akazi awo aja, eti?"

"Ndine."

"Akudziwa kuti muli pano?"

"Adziwa."

Mkuluyo anabwerera kumzere. Atafika pa 47 anawauza a Ambrosio kuti atuluke, akatenge chipewa chawo cholimba kuti achione. Chitabwera anachitembenuza uku ndi uku, kuwerenga timalemba ta mkati, kufunsa za Thom ku Australia, kudandaula za mvula. Bambo ankayankha, koma maso ali pagalimoto. Anthu apambuyo anayamba kuyang'ana mawotchi. Kenako a Harry anapereka chipewa, anagwira chitsulo, analowetsa mwendo.

Buleki inamira mpaka kugunda pansi. Gu. Anamva onse amene anali pafupi.

A Harry sanakweze mawu. Anati, "Ambrosio, pakona paja simufika nokha. Pamakhala anthu ena fifitini, ena ali patsogolo panu. Lero ayi. Ndipo mukadzayesanso kundipusitsa, pano simudzapondanso."

Bambo sanatsutse. Anatembenuka pang'onopang'ono, kuyang'ana anthu mmodzimmodzi, mpaka maso anafika pachitenje chija. A Clementina sanabisale. Anaima pomwepo, mvula ikuwanyowetsa. Ankadikira kukalipiridwa, mwina kutukwanidwa pagulu, ndipo akanalandira. Koma bambo anangogwedeza mutu kamodzi, ngati munthu wamva uthenga, n'kuyamba kukankhira galimoto kungolo.

Papita masabata atatu. M'nyumba muja mwalowa chete woopsa. Chakudya amadya, zikomo amanena, Mwai amamuperekeza kusukulu. Koma akazi awo amawalankhula ngati mlendo wa pabasi. A Clementina anapepesa chifukwa cha manyazi aja, koma anati chimene anachitacho angachitenso. Anapita kwa abusa, anamasula lonjezo lija, n'kubwera kudzati, "Ndiponda, bambo a Mwai, Loweruka lililonse ndiponda." Yankho linali lakuti, "Sungani mwendo wanu, mumagwira nawo ntchito."

Lachiwiri lapitali wa positi anabweretsa kabokosi. Mkati munali kabotolo ndi kapaipi, kachipangizo kochotsera mpweya munthu ali yekha. Mwina kamagwira bwino, ine sindidziwa. Chimene a Clementina akudziwa n'chakuti kale ankamva ndi phazi lawo ngati buleki yalimba kapena ayi, pano sadziwa kalikonse. Bambo amagwira ntchito atatembenuzira msana kuwindo. Ndipo buleki ingalimbe bwanji, woiponda ndi yemwe uja, amene amadutsa chikwangwani, ndipo tsopano mumtima mwake mwawonjezeka china. Mpikisano wotsiriza wa chaka uliko Lamulungu la pa 26 September. Dzina analembetsa kale.

A Clementina aonda. Kuntchito akuti dzana anaima ndi supuni m'manja mpaka nkhalamba inawakoka juzi. Pemphero lawo lasintha, sakupemphanso za injini. Amangoti, "Ambuye, mundibwezere munthu ameneyu madzulo."

Ife amayi tinayesa nzeru zathu, mwaona pamene zinafika. Tsopano ndikupempha inu abambo, a ku Malawi ndi a ku Zambia omwe, makamaka amene ntchito inakutherani ngati iwowa ndipo mukudziwa kulemera kwa tsiku lopanda kopita. Pitani ku Crumlin mukawaone. Nyumba siisowa, mukadutsa chipatala cha ana funsani pamene pali kagalimoto kofiira pakapinga. Ulaliki musiye kunyumba, aumva wokwanira. Valani zovala zoti zide, mukagwade pambali pa tayala, mukawafunse kuti sipanala iti. Mukakhale mpaka ayambe kulankhula. Ndipo wina alowe m'nyumba akawapatse moni mayi aja. Musadikire kuti mudzamve kaye uthenga. Pitani Loweruka lino.