Minibasi Imene Sindinagule

Uthenga woti ndawina lotale unandipeza ndikumata chubu pa Songani, pamene ndakhala ndikukonza njinga kuyambira ndili mnyamata. Ndinamaliza kumata kaye, kenako ndinapalasa kupita kumudzi kukauza mayi a kunyumba.

Ndinawapeza akupeta mpunga. Atamva anaika lichero pansi n'kunena kuti, "Bambo, ndalamazo zikagone kubanki mpaka tikolole. Mitu ikazizira tidzaona chochita."

Nkhani sinabisike. Sabata isanathe kunabwera amalume, amene anandilera bambo anga atamwalira. Anavala jekete la kutchalitchi, ndipo anatenga mwana wawo wamwamuna, wodziwa kuyendetsa galimoto koma wosowa ntchito.

"Mphwanga, gula minibasi," anatero amalume. "Msuweni wakoyu aziyendetsa ya ku Liwonde. Tonse tipumira pomwepo."

Mtima unkafuna ndithu. Koma pa Songani ndaona minibasi zambiri zitakhazikidwa pamiyala, eni ake akuyenda wapansi, ndipo ine za injini sindidziwa kanthu. Ndinati, "Pepani amalume, chinthu chimene sindingathe kukonza ndekha sindigula." Ananyamuka osamwa tiyi.

Titakolola tinafolera nyumba ndi malata, tinagula munda wa mpunga kudambo, ndipo ndinamanga kagolosale ka matayala, matcheni ndi masipoko pomwe ndimagwirira ntchito. Ndalama zina tinasungira sukulu ya ana. Njinga yamoto ndiye ndinagula mongotengeka. Inkangomwa mafuta popanda ulendo weniweni, ndipo ndinaigulitsa motchipa. Msuweni uja ndinamulipirira laisensi ya galimoto zikuluzikulu. Lero amayendetsa lole ya mchenga ku Zomba.

Anthu analankhula zambiri. Ena ankati ndine woumira, ena ankati ndalama zotere zili ndi zizimba, n'chifukwa chake sindizidya. Anzanga amene ndinkasewera nawo bawo anayamba kunditchula kuti bwana, ndipo ndikafika nkhani zinkatha. Zimenezo zinandiwawa kuposa mmene ndinkaganizira.

Amalume anakhala nthawi yaitali osandilankhula. Kutchalitchi ankayang'ana kumbali. Atayamba kudwala miyendo ndinkawatengera kuchipatala, ndipo moni tinayambanso kupatsana, koma macheza athu akale sanabwerere. Anamwalira mvula ya chaka chatha itangoyamba. Mpaka lero sindidziwa ngati anamvetsa kapena anangotopa nako kukwiyako.