Miphika ya Moslem Gazi

Moslem Gazi wakhala akukwera mitengo ya kanjedza kwa zaka makumi anayi, osagwapo ngakhale kamodzi. Nyengo yozizira ikafika ankasema mtengo pakhosi n'kumangirirapo mphika. M'mamawa ankatsitsa madzi otsekemera amene anthu a m'mudzi mwake, kufupi ndi tauni ya Faridpur, ankamwa osawiritsa. Ankadziwika kuti sasungunula madziwo ndi a pachitsime ngati anzake. Mbiri imeneyo ndiyo inali chuma chake.

Chaka china anthu asanu anadwala mutu ndi kutentha thupi, n'kuyamba kubwebweta. Awiri anamwalira sabata imodzi. Kunabwera mayi wa zaumoyo, Rokeya Khatun, ndi kope lake, kumayenda khomo ndi khomo. Wodwala anadya chiyani? Anapita kuti? Anamusamalira ndani? Onse ankangoti mpunga, nsomba, mphodza. Madzi a kanjedza panalibe wowatchula. Ndani amawayesa chakudya?

Rokeya atafika pogulitsira tiyi, Moslem anali pomwepo. Mayina asanuwo ankawadziwa. Onse anamwa za mumphika wa mtengo wa kudziwe, Lachisanu limodzi. Tsikulo Moslem anapezamo zitosi za mileme, n'kungosefa ndi kansalu monga ankachitira bambo ake.

"Madala, mwangoti zii bwanji?" anamuseka Hashem wogulitsa tiyi. "Mano agwera m'kapu?"

Rokeya anatembenuka. "Amalume, inu mumadzuka mudzi wonse uli m'tulo. Palibe chimene munaona?"

Pabenchi yomweyo panali Jalil, bambo wa mtsikana amene anaikidwa dzana. Moslem anamuyang'ana. Akanena, mudzi umuloza chala. Akakhala chete, miphika khumi ndi iwiri inali ikulendewera m'mitengo, kudikira ana a mawa.

"Lemba, mwana wanga," anatero. "Onsewo anamwa kwa ine. Munali zitosi za mileme."

Rokeya sanakalipe. Anafunsa tsiku, mtengo wake, ndi ena amene anamwa nawo. Moslem anatchula mayina asanu ndi atatu, ndipo dzuwa lisanalowe azaumoyo anali atawapeza onse. Jalil anaimirira, kusiya tiyi wake osamwa.

Masana omwewo Moslem anakwera mitengo yonse n'kukhuthulira madziwo pansi.

Masiku ano amatchinga miphika ndi timikeka tansungwi kuti mileme isafikemo, ndipo amagulitsa zowiritsa zokha. Ogula anachepa. Jalil samupatsa moni mpaka lero, ndipo Moslem sanadandaulepo.