Sikafu ya Amalume

Ndinadzuka kusanache, pa katoni imene ndinagonapo kuseri kwa nyumba ya amalume ku Chililalila. Moto wa azibambo unali utatsala makala okhaokha. M'nyumba amayi a kwaya anali akuyimbabe, mawu atasasa. Ndinagwira pamimba kuti ndimve ngati katundu wanga analipo. Analipo: sikafu yaubweya, yabuluu ndi yoyera, nditaizunguliza m'kati mwa shati, mwezi wa Okutobala.

Sikafuyo inali ya malemu. Ali mnyamata ku shedi ya njanji, kunabwera Mjeremani wina kudzakonza injini, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira sikafu ya timu yake ya mpira. Mzunguyo mwina anaiwala asanafike pa eyapoti. Amalume sanaiwale. Timuyo ndi ya tauni ya migodi ya malasha, yakale kuposa njanji imene iwo ankaigwirira ntchito. Zikho zake zikuluzikulu inatenga amalume asanaidziwe. Ataidziwa iwo, inayamba khalidwe lofika pafupi n'kubwerera chimanjamanja. Migodi ya kumeneko inatsekedwa, wathu wa kuno unatsekedwanso, ndipo amalume anati umenewo ndiye ubale weniweni. Timu inagwa mu ligi yaikulu, inakwera, inagwanso. Iwo Loweruka lililonse ankavala sikafu pansi pa mtengo wa mango, kale ndi wayilesi, zaka zino ndi foni yanga, poti pabanja lonse ndine ndekha ndinasiya koleji chaka chachiwiri kuti ndizipezeka pa nkhani zofunika ngati zimenezi.

Kuchipatala anandigwira dzanja nati, "Mphwanga, sikafu ipite nane." Ndinavomera. Vuto linatsika pa basi yochokera ku Katete. Anali akulu awo a malemu, amalume aakulu, mwini mbumba. Analamula kuti m'bokosi mulowe suti ndi kolona basi. Chinsalu cha mzungu wosadziwika, a kumudzi akamva adzati tinaika munthu ndi chithumwa. Palibe anatsutsa. A anti, akazi a malemu, anangoyang'ana pansi.

Dzuwa likutuluka, amayi anasonkha moto pa mafuwa, ena akudula kabichi, ena akuvundula nyemba m'diramu. Anthu anayamba kufika. Kunabwera madala a njanji atavala majekete a nthawi yawo, kunabwera minibasi yodzaza kuchokera ku Ngungu, kunabweranso anthu amene sindinawaonepo koma ankadziwa kumene kuli mbale. Isanakwane naini koloko, malata anali akulira ndi kutentha.

Kumochale ndinalowa nawo monga wonyamula nsapato. Pulani yanga inali yoti, povalitsa suti, ndilowetse sikafu kunsi kwa pilo. Amalume aakulu anaima kumutu kuyambira batani loyamba mpaka tayi. Kutchalitchi, nthawi yoona nkhope, ndinafika pa bokosi n'kulowetsa dzanja m'shati. Nditakweza maso, ndinakumana ndi maso awo. Ndinangodzigunda pachifuwa katatu ngati munthu wolapa kwambiri, n'kudutsa. Mayi wina kumbuyo kwanga anandisisita pamsana pondiyamikira chikhristu. Bokosi linatsekedwa.

Pa lole yopita kumanda sindinayimbe nawo. Fumbi linkalowa m'kamwa, thukuta likutsikira m'nsapato, ndipo ndinkangoganiza kuti munthu amene sanandifunsepo chifukwa chimene ndinasiyira sukulu anandipempha chinthu chimodzi chokha.

Tsono ife a kum'mawa timachita chimbuya ndi Abemba, ubale wa nthabwala umene timatchulana kuti mbuya. Pa maliro athu iwo ndi amene amagwira fosholo, amatipaka paudala woyera kumaso, amatinyoza ife ndi malemu omwe, ndipo munthu suloledwa kukwiya ngakhale uli mwini mbumba. Amene ankatsogolera tsiku limenelo anali mayi wa Chibemba wa nyumba yoyandikana ndi ya amalume, wogulitsa makala, amene anakangana ndi malemu za nkhuku ndi za mpira kwa zaka zambiri. Bokosi litangotsitsidwa, katekisiti atatseka buku, mayiyo anabwera molunjika kwa ine. Anandithira paudala m'mutu, anandigwira pamimba, n'kusolola sikafu yonse pamaso pa anthu ngati akutulutsa matumbo a nkhuku.

"Mwe bantu, onani mbuya uyu! Afuna kuba nsanza ya wakufa!"

Ndinaona kuti zanga zatha. Iye anaizunguliza m'khosi mwake, n'kuyamba kuyenda motsimphina ngati malemu, foni yabodza ili kukhutu, akubuula. Madala a njanji anayamba kuseka chobisa.

"Imwe ba mbuya muli pansi apo, mwatisokosa zaka zingati na timu yanu yosawina? Loweruka lililonse maliro pa yadi, lero ndiye mwabweretsa azoona. Ichi chinsanza sichitsala mu komboni yathu, chingatipatse matenda a kuluza. Tengani tsoka lanu!"

Anaiponya m'manda. Mnyamata wa Chibemba amene anali m'munsimo anaitambasula bwinobwino pa bokosi, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, n'kuwongola mphonje zake. Amalume aakulu anapita patsogolo, chala chili m'mwamba. Atangotsegula pakamwa, paudala analowamo.

"Imwe a ku Katete, khalani chete, mudye mbewa zanu! Manda ni athu lero."

Anatsokomola, anayang'ana anthu, anayang'ana m'dzenje. Kenaka anatsitsa chala, n'kutola dothi loyamba. Pansi pa chitenje chimene anafunda, mapewa a anti ankagwedezeka, ndipo amayi awiri owagwirizira sanadziwe ngati awatonthoze kapena aseke nawo. Ine ndinaponya dothi langa. Linagwera pa buluu.

Ndikuthokoza a kwaya amene anayimba masiku atatu, madala a njanji, amayi a pa moto, ndi amalume aakulu amene anadziwa mwambo kuposa mkwiyo wawo.

Madzulo anthu anabalalika. Mipando ya tchalitchi inanyamulidwa, pabwalo panatsala phulusa ndi mapazi. Amalume aakulu anagona msanga osandiyankhula. Ndinapeza a anti atakhala pa matiresi m'chipinda chochezera chopanda kanthu. Ndinayamba kuwafotokozera za mwayi umene tinachita kumanda.

"Mwayi wanji?" anatero. "Amalume ako anauza iwe. Ine ndinauza mbuya, tsiku lomwe anamwalira. Ndimakudziwa, mwana wanga."

Anandilozera mapoto awiri aakulu amene tinabwereka kwa mayi wa makala uja, nati ndikabweze kusanade. Panjira ndinakonza mawu othokoza aatali, oyenera munthu wofikako ku koleji. Ndinamupeza atakhala yekha pa thumba la makala pakhomo pake, manja akadali oyera ndi paudala, akuyang'ana kupyola mpanda mpando wa malemu pansi pa mtengo wa mango. Ankalira mosatulutsa mawu, ndipo sanandione.

Ndinaika mapoto pansi pang'onopang'ono kuti asalire, n'kubwerera kunyumba.