Mawondo a Mphunzitsi ndi Duku Langa Loyera

Inu owerenga, munthu amene anamangitsa mwamuna wanga ndine. Zaka zonsezi anthu akwathu ku Iponga akhala akunena kuti anaperekedwa ndi wojambula mnzake wa pa boma, ndipo ine ndakhala ndikugwedeza mutu kuvomereza. Bambo uja anamwalira anthu akumulozabe zala, chonsecho sanalakwe kanthu. Lero ndine gogo, maso ayamba kuchita chifunga, ndiye ndati ndilembe ndisanapite.

Ine ndinabadwa wosakhulupirira munthu. Mpaka lero thumba la mpunga ndimalisoka ndi ulusi wofiira kuti ndidziwe ngati wina watapamo. Ngakhale kalata ino ndalemba ndekha ndi Chichewa changa chophunzirira kutchalitchi, kuopa kuti mdzukulu akandilembera aonjezeramo zake.

Mwamuna wanga, bambo a Tusekile, anali wojambula zithunzi. Ntchitoyi anaiphunzira kwa mmwenye wina ku Mbeya, ku Tanzania, ndipo anabwerako ndi kamera ya maso awiri yoyang'anira pamwamba, ili m'chikwama chake chachikopa. Anabweranso ndi choimikira cha miyendo itatu, makina okuzira zithunzi oyendera batire la galimoto, komanso chinsalu chopachika kumbuyo kwa wojambulidwa, chomwe anapentapo ndege ndi nyumba zosanja. Pamalo athu a malonda tinali ndi zipinda ziwiri. Chakutsogolo chinali chojambuliramo. Chakumbuyo chinali chamdima, chotsukiramo zithunzi. Filimu, mapepala ndi mankhwala ankakatenga panjinga kutsidya kwa mtsinje wa Songwe, ku Tanzania.

Tinkadya bwino, sindinganame. Koma mtima wanga sunakhalepo pansi. Akazi ankabwera atadzola, atasita madiresi, ndipo mwamuna wanga ankawagwira chibwano ndi zala ziwiri kuti adzutse nkhope. Iwo n'kumaseka. Kwa iwowo ankayankhula Chichewa chofewa ndi Chiswahili pang'ono, kwa ine Chinkhonde chofunsa ngati mbalagha, nthochi zathu zophika ndi nyama, yapsa. Chipinda chamdima chinkakhala ndi loko. Ankati kuwala kukalowa ntchito yonse iwonongeka. Taganizani, chipinda chimene mkazi wa m'nyumba saloledwa kulowamo, koma akazi a eni, m'zithunzi zawo, ali mbwee pachingwe, atapanidwa ndi zopanira zovala zanga zomwe! Ndinkachitira nsanje ngakhale kamerayo. Ankaiuzira mpweya padiso, n'kuipukuta ndi kansalu kofewa kamene sankalola kuti ndikakhudze. Ndinkaitcha mkazi mnzanga.

Achinyamata a lero simungadziwe mmene zinalili nthawi ya chipani chimodzi. Mkazi sankaloledwa kuonetsa mawondo kapena kuvala buluku. Mwamuna sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Munthu ukalakwa pa zimenezi sunkafunsidwa zambiri.

Chaka chimenecho kusukulu ya kwathu kunabwera mphunzitsi wamkazi wochokera cha ku Zomba, dzina lake Esinati. Anali mtsikana wowongoka, wonunkhira sopo. Loweruka lina anabwera kudzajambulitsa, ine ndikupeta mpunga pakhonde. Ndinamuyeza ndi maso kuyambira kumutu. Diresi lake linali lodutsa mawondo, zimenezo ndikuchitira umboni, chifukwa ine palibe chimandidutsa. Koma kampando kojambulirapo kanali kakafupi. Atakhalapo, diresi linakwera.

Patapita masiku atatu ndinawapeza bambo a Tusekile m'mamawa atakhala pazenera, chithunzi chachikulu cha mtsikana uja chili pabolodi. Dzanja limodzi linali ndi galasi lokuzira, linalo kaburashi ka tsitsi lowerengeka. Ankakanyowetsa palilime, n'kukaviika mu utoto wakuda, n'kumadontheza pamawondo ake pang'onopang'ono, atagwira mpweya. Dzuwa linakwera ali pomwepo. Mawa lake chimodzimodzi. Ine chithunzi changa chinali chimodzi chokha, ndipo anachijambula nditaimirira, kamodzi n'kamodzi, ngati akujambula ng'ombe yogulitsa.

Ndinalephera kupirira. Ndinawafunsa kuti, “Kodi mawondo amenewo asanduka ndiwo, kuti muziwanyambita masiku awiri?”

Anaseka osadzutsa mutu. “Amake Tusekile, ndikumuveka munthuyu, sindikumuvula ayi.”

Anandifotokozera bwinobwino. Mtsikanayo ankafuna kutumiza chithunzicho kwa mwamuna womutomera amene ankagwira ntchito ku Joni, ndipo masiku amenewo makalata ankatsegulidwa m'njira. Ndiye iwo ankatalikitsa diresi ndi utoto, kenako n'kujambulanso chithunzi chokonzedwacho kuti chioneke ngati chinatuluka choncho m'kamera. Anati ankachitira anthu ambiri zimenezi, ena kuwatsitsira siketi, anyamata kuwameta tsitsi ndi utoto woyera. Inu owerenga, mawu onsewo anali oona. Koma chimene ine ndinamva n'chakuti mwamuna wanga akudziwa za chibwenzi cha mtsikanayu, akudziwa kumene makalata ake amapita. Anakambirana liti zimenezi? Ine ndinali kuti?

Lachinayi utoto unawatayikira pachithunzi chija, ndiye analowa m'chipinda chamdima kukatsuka zina zatsopano. Ali mkati, alimi a mpunga anaima ndi lole panja, akufuna chithunzi cha gulu asananyamuke. Anatuluka mothamanga, kamera pakhosi, loko osatseka. Ine ndinali nditavala kale zopita ku mapemphero a amayi, bulauzi yoyera ndi duku loyera. Ndinalowa. Munkanunkha ngati viniga. M'mbale ya mankhwala munali zithunzi zitatu za Esinati, mawondo ali pamtunda. Ndinavuula chimodzi chikudontha, ndinavula duku n'kuchikulungamo, kumutu n'kufunda chitenje.

Kumapemphero sindinafike. Ndinapita kwa atcheya a amayi achipani a m'dera lathu. M'mutu mwanga nkhani inali yaifupi: mtsikanayu amudzudzula, amusamutsa, abwerera kwawo kummwera, ine ndipuma.

Atcheya anachiyang'ana nthawi yaitali. “Ndagha, mwana wanga, wachita bwino,” anatero, kundithokoza m'Chinkhonde. “Nanga wajambula ndani? Ali nazo zingati zoterezi?”

Ndinati ndachitola pamsewu. Iwo anangoika chala pa ndege ija ya pachinsalu, imene ngakhale mbuzi za ku Iponga zinkaidziwa. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ndapereka mwamuna wanga.

Madzulo ake bambo a Tusekile anandifunsa ngati ndinalowa m'chipinda muja, chifukwa ankakumbuka kuti anatsuka zitatu koma apeza ziwiri. Ndinawayang'ana m'maso n'kukana. Anakanda mutu, n'kunena kuti mwina ukalamba wayamba.

Anabwera Lolemba masana, achipani ndi apolisi awiri. Anathyola loko, anatulutsa makina, mbale, mabotolo ndi bokosi la manegativu, tija timafilimu totsuka kale timene zithunzi zimachokerapo. Anayamba kutiyang'ana padzuwa kamodzikamodzi. Utoto wa mwamuna wanga unali pamapepala basi, panegativu panalibe. Aliyense amene anamuvekapo anapezeka ali chivulire monga anakhalira pakampando paja, mawondo a akazi a eni, tsitsi la ana a eni. Achipani anati mwamuna wanga amajambula zolaula n'kumakagulitsa ku Tanzania, ndipo maulendo ake a ku Songwe anasanduka umboni. Kamera anaizula pakhosi pake n'kuiponya m'galimoto. Ndinamva galasi likusweka. Mkazi mnzanga uja anafa ine ndikuona, ndipo sindinasangalale monga ndinkaganizira.

Esinati anamuimika kutsogolo kwa msonkhano, chithunzi chikuyenda m'manja mwa anthu, ndipo ntchito inamuthera. Tsiku lonyamuka anandipeza pakhonde, sutikesi yachitsulo ili pamutu. Anaitula, anagwada, nati, “Pepani mayi, ndawaika bambo m'mavuto ndi diresi langa.” Ndinamuyankha kuti zimachitika. Mulungu anandimva ndikunena zimenezo.

Mwamuna wanga anakhala m'ndende dzinja lonse mpaka anthu anakolola. Nthawi imeneyo duku lija linayamba kundiulula. Nditalichapa koyamba linaoneka loyera, koma litauma padzuwa panatuluka banga lofiirira la ngodya zinayi. Ndinayesa sopo, mandimu, phulusa. Banga linkangodera. Kuliwotcha ndinaopa, chifukwa ndi duku limene anandiveka kutchalitchi pamaso pa mpingo. Kulitaya ndinaopa kuti wina alitola n'kulizindikira. Ndinagula lina, ndipo lakalelo ndinalibisa m'chikwama chachikopa cha kamera, chimene achipani anachisiya pansi. Ndinati chikwama chopanda kanthu angatsegule ndani?

Mwamuna wanga anabwera atawonda. Sanafunse chakudya. Anapita molunjika pamsomali pamene chikwamacho chinkapachikidwa, anakhala pamphasa, n'kuchitsegula, mwina kuti angomva fungo la kamera yake. Anatulutsa duku. Analitambasula pabondo, n'kuyeza bangalo ndi zala, m'litali ndi m'lifupi. Munthu amene wadula mapepala a zithunzi zaka khumi safunika kuuzidwa.

Ndinayembekezera kumenyedwa kapena kubwezedwa kwathu. Iwo analipinda bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri.

“Usavutike n'kuchapa, amake Tusekile,” anatero. “Mankhwala amenewa sachoka.”

Sanadzaitchulenso nkhaniyo. Sanauze abale ake, sanauze ana. Anthu akamatukwana wojambula wa pa boma uja, iwo ankangoti asiyeni, si iwowo. Tinasamukira ku Kaporo kukalima mpunga, madzi osefukira n'kumatilanda mbewu zaka zina. Tinakhala limodzi zaka zoposa makumi awiri, tinabereka ana ena awiri. Koma panali kayang'anidwe kena kamene anali nako kale, kopendeketsa mutu, diso limodzi atatsinzina pang'ono, ngati akufuna kuona mbali imene kuwala kwakukomera. Ankatero ngakhale kwa ine ndikamasenza madzi, ndipo ine ndinkati akundinyoza. Atabwerako sanandiyang'anenso choncho. Ndinazindikira kuti ndinali nako pamene kanali katapita.

Tsiku la maliro awo ana anafunafuna chithunzi choti aike pabokosi. Munthu amene anajambula maukwati ndi ubatizo wa dera lonse analibe chithunzi chake ngakhale chimodzi.

Chandilembetsa n'chakuti mwezi watha mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa Tusekile, anabwera atakwiya. Anakwatiwa ndi wojambula nayenso, wa makamera a masiku ano, amene amakonza zithunzi pakompyuta. Akuti mwamuna wake amakhala tsiku lonse akusalaza masaya a akwati a eni, atawakuza mpaka kudzaza galasi lonse. Akuti waba kale nambala yotsegulira kompyutayo, ndipo akufuna atenge zithunzi zina azimwaze pa foni kuti mkazi wina achite manyazi. Ankayankhula ndi mawu anga enieni. Ndinamuuza kuti adikire kaye, koma chifukwa chake ndinalephera kumuuza pamaso.

Inu akazi anzanga okwatiwa ndi anthu a ntchito zamanja, phunzirani ntchito ya amuna anu musanaiweruze. Ndikanapempha tsiku limodzi lokha kuti andilowetse m'chipinda chamdima, nditseke chitseko ndekha, ndione mmene nkhope imatulukira papepala, bwenzi ndikudziwa kuti munalibe mkazi mmenemo, munali mankhwala ndi mapepala. Ndipo ngati nsanje yakukulirani, kanganani m'nyumba mwanu, swani mbale ngati mukufuna. Musaitengere kwa anthu amphamvu, kapena kugulu la anthu a pa foni, chifukwa iwo sadzaima pamene inu mukufuna kuti aime. Ine ndinkafuna munthu mmodzi asamuke. Ndinathetsa ntchito ya mtsikana wosalakwa, ndinachititsa manyazi anthu a m'bokosi lija, ndinadetsa dzina la bambo amene sankandidziwa n'komwe, ndipo mwamuna wanga ndinamulanda maso.

Sindikunena kuti ndasintha. Thumba la mpunga ndikulisokabe ndi ulusi wofiira. Koma duku lija ndikadali nalo m'chikwama chomwe chija, ndipo ndamuuza Tusekile kuti tsiku langa likadzafika asadzandigulire latsopano. Anandifunsa kuti bwanji lothimbirirali, amayi? Ndinati adzawerenga.