Zala Zitatu za Petulo

Ndikawakumbukira Che Bwanali, chimayamba kundifika ndi fungo la petulo pa kansungwi kowonda kamene ankapisa m'thanki m'mawa uliwonse, nkhuku zikupalasa pansi pa minibasi, utsi wa m'mabani a fodya ukukwawa pamadenga kwathu ku Namwera. Geji ya galimotoyo inafa kalekale, ndiye ankayeza mafuta ndi zala: kupisa, kusolola, kuika zala ponyowapo, basi adziwa. Tinayandikana nawo nyumba. Anachokera ku Mozambiki nkhondo itavuta, ndipo mwini golosale wina anawapatsa kaminibasi kakale kuti azinyamula anthu ndi katundu. Pamaso tinkawati agogo, koma kumbali ife ana tinkawaseka, poti ankayendetsa ngati asenza mtsuko wa thobwa.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Anatisiya kutangocha, ndipo ife Asilamu timaika maliro tsiku lomwelo. Kwawo kunali ku Lungwena, ndipo ananeneratu kuti akawagoneke pambali pa amayi awo. Koma masiku amenewo njira za ku Mozambiki zinali zitatsekeka, pampu ya mafuta inkakhala youma masiku ambirimbiri. Che Bwanali anapisa kansungwi kawo: zala zitatu.

“Sizifika izi. Tingoika konkuno,” anatero bambo aang'ono, a Yusufu.

“Zifika, mukandimvera,” anayankha Che Bwanali.

Anamasula kaliyala ya padenga n'kuigoneka pakhonde. Anachotsa mipando iwiri yakumbuyo kuti jeneza, chonyamulira maliro, lilowe, ndi zitsulo zonse zimene zinkagubuduka pansi pake. Sefa ya mpweya anaigogoda pamwala mpaka fumbi lofiira linatha. Ine anandipatsa mpope kuti ndipope matayala onse, eti tayala lofewa limamwa mafuta ngati chidakwa. Ndinkapopa misozi ikugwera pamapazi, iwo akumenya tayala ndi sipanala kumvetsera kulira kwake, n'kumati, “Onjezera, mwanangu.”

Chovuta chinali anthu. Kwathu pagalimoto ya maliro sabweza munthu, koma iwo anaima pachitseko n'kulowetsa asanu ndi mmodzi okha. Azimayi anang'ung'udza mokweza kuti amve: “Kwawoko ndi mmene amalirira maliro?” Iwo anangotseka chitseko.

Tinanyamuka ngati sitikunyamuka. Ankasintha giya msanga injini isanakuwe, phazi lili phee pamoto, osalikankha, osalidzutsa. Mawindo anatseka, n'kusiya kampata ka mpweya. Akaona mbuzi patali ankangonyamula phazi, galimoto n'kumadziyendera yokha mpaka mbuziyo itawoloka, buleki osaikhudza. Malole a fodya ankatipitirira n'kutithira fumbi. Ine ndinakhala pakati pa iwo ndi bambo aang'ono, thukuta lili kamukamu, dzuwa likukwera, mtima ukuwira.

Titafika pamwamba pa phiri, pamene msewu umayamba kupindapinda kutsikira ku Mangochi, bambo aang'ono anati, “Che Bwanali, zimitsani injini pamtsetsepa. Madalaivala onse amatero, tipulumutseko chala chimodzi.”

“Ndikazimitsa, buleki imauma ngati mwala,” anatero. “Maliro amodzi atikwana.”

Anatsika nayo ili m'giya, pang'onopang'ono. Apo ndiye ndinaphulika. Ine ukali ndinabadwa nawo, sindingabise.

“Inu mukufuna bambo anga anunkhe! Pothawa nkhondo munkayendanso chonchi?”

Amayi, amene ankalira kumbuyo, analeka. Bambo aang'ono anandifinya bondo mpaka kuwawa. Che Bwanali sanandiyang'ane, maso anali pamsewu.

“Ayi, tinkathamanga,” anatero. “Ndinaponda moto mpaka pansi, akazi anga ali ndi chipolopolo m'mimba. Mafuta anatithera m'tchire. Ndinawakwirira pansi pa mtengo umene lero sindingauloze.”

Ndinkangomva jeneza likugunda pang'ono pachitsulo, ndi mpweya ukulira pakampata ka windo.

Titapatukira msewu wa mchenga wa ku Malindi, ntchito inakula. Ankauwerenga msewu patali, kusankha polimba, osalola kuti galimoto ititimire n'kuyamba kulimbana nayo, poti pamenepo ndi pamene mafuta amathera. Pa kachitunda kalikonse ankatenga liwiro lake kumunsi, pamwamba n'kupumitsa phazi. Injini inayamba kutsokomola denga la mzikiti wa kwawo kwa bambo likuoneka kale pakati pa migwalangwa. Inatsokomola kachiwiri, n'kuzima. Iwo anaisiya iyende yokha mpaka inaima pansi pa mtengo wa mango, anthu a m'mudzi akubwera kale kudzalandira jeneza pamapewa. Bambo tinawaika itangotha swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo.

Minibasi inakhala pansi pa mangowo masiku anayi, Che Bwanali akugona pakhonde la mzikiti, mpaka wina anabweretsa petulo m'chigubu panjinga. Masiku onsewo ndinkawaperekera madzi osamba m'manja. Nkhondo itatha anabwerera kwawo, ine pepani ndisananene.

Sukulu ndinaisiyira mu Sitandade 7, nditamenyana ndi mnzanga mpaka kumugulula dzino. Lero ndimayendetsa minibasi yodutsa ku Nkopola, ndipo pasiteji amandidziwa: wondiputa ndimamuyankha kawiri iye asanamalize. Koma makondakitala amadabwa kuti munthu waukali chonchi phazi lake n'lofatsa. Amati ndine nkhalamba, anzanga akundipitirira ndi mahutala, ine ndili phee, matayala olimba, denga lopanda kanthu, pamtsetse injini ikulira. Ukali ukatsikira kuphazi ndimaubweza.

Mvula ikatha ndimapita ku Lungwena ndi khasu kukalambula. Manda a bambo ali pambali pa amayi awo, ndipo ine ndingathe kuwaloza.